Pakasam: Kasungidwe ka Nsomba mu Mchere ndi Mpunga Wokazinga, Monga Amachitira a Banjar

Nsomba zikapezeka zambiri tsiku limodzi, vuto limayamba madzulo. Zodya lero mwaphika, zogawira abale mwagawa, koma m'beseni zidakalimo. Kunja kwachita mitambo, nkhuni zowambira zanyowa, ndipo firiji, kwa amene ali nayo, ikudikira magetsi. Ambiri amangowaza kamchere pamwamba n'kuzitsekera m'chigubu, ndiye pakatha sabata amapezamo zinthu zoti ngakhale galu sanganunkhize kawiri.

Anthu a mtundu wa Banjar, a kummwera kwa Kalimantan pachilumba cha Borneo ku Indonesia, vutoli amakumana nalo chaka ndi chaka. Midzi yawo yambiri inandandalika m'mbali mwa mitsinje ya Barito, Martapura ndi Negara. Nyumba zimakhala pamizati, pansi pake pali madzi kapena thope, ndipo popita kwa mnansi munthu amayenda pakamlatho ka matabwa kapena kupalasa jukung, bwato lawo laling'ono. M'chilimwe chawo, cha m'ma Juni mpaka Okutobala, madzi a m'madambo amaphwa, nsomba n'kuthawira m'maenje otchedwa beje amene eni ake amakumba dala. Tsiku lovuula nsomba m'beje banja limatuta zambiri zoti silingadye lokha. Zina amagulitsa, zina amayanika, zing'onozing'ono n'kulowa mumtsuko pamodzi ndi mchere ndi mpunga wokazinga. Imeneyo ndiye pakasam, nsomba yosasa, yamchere, yowawasa pang'ono, imene dera la Barabai limatchuka nayo. Sifuna dzuwa, nkhuni zambiri kapena magetsi. Imafuna kuyeza ndi ukhondo, ndipo m'menemo ndi mmene anthu amagwera.

## Zofunika musanayambe

Miyezo iyi ndi ya kilogalamu imodzi ya nsomba zotumbula kale. Ulendo woyamba musapitirire pamenepa.

- Nsomba zing'onozing'ono za mumtsinje, m'dambo kapena m'nyanja yopanda mchere, zogwidwa tsiku lomwelo: kilogalamu 1
- Mchere wamibulu: magalamu 200, ndi sipuni yaikulu imodzi yapadera
- Mpunga wosaphika: magalamu 200. Wosweka wotchipa uja ndi wabwino ndithu
- Madzi oyera, oti mukhoza kumwa
- Sikelo
- Mpeni wakuthwa, beseni lapulasitiki, ndi lichero kapena sefa yaikulu
- Chiwaya chouma ndi mthiko
- Mtondo ndi munsi
- Chosungiramo cha malita awiri chokhala ndi chivundikiro: botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu, mtsuko wosachucha, kapena kandowa kapulasitiki kopangidwira chakudya
- Masamba a nthochi, ndi mwala wosalala wolowa pakamwa pa chosungiracho

Chitini, mphika wa aluminiyamu ndi chigubu chimene munali mankhwala, mafuta a galimoto kapena penti, zisiyeni. Mchere ndi asidi zimadya chitsulo, ndipo pulasitiki saiwala zimene anasunga.

## Tsiku loyamba: nsomba ndi mchere

1. Sankhani nsomba zatsopano zenizeni. A Banjar amakonda papuyu, sapat, puyau ndi seluang, zonse za m'madambo ndi m'mitsinje, zambiri zosapitirira chikhatho. Papuyu imatha kupuma mpweya, choncho imafika pamsika ikuphiriphitha m'beseni. Pamsika wa pamadzi wa Lok Baintan, pamtsinje wa Martapura, amayi amakumana m'mabwato mbandakucha, dzuwa likamakwera msika wabalalika, ndipo nsomba yogulidwa mmawa imakhala ili mumchere nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Changu chimenecho n'chimene mukuyenera kutengera. Maso a nsomba akhale owala, mkati mwa mutu mofiira, mnofu wolimba woti mukadina chala umabwerera.

Kwathu kuno gwiritsani makumba ang'onoang'ono, matemba akuluakulu kapena makakana. Makakana a ku Lower Shire ndi mtundu womwewo wa nsomba imene ku Indonesia amaitcha mujair, ndipo kumeneko amaisasitsanso m'njira yofanana ndi iyi. Usipa musayambire, ndi wofewa kwambiri, umasanduka phala. Mlamba wonona nawo mafuta ake amanunkha msanga.

Chenjezo: nsomba yoyamba kale kufewa mimba musaiike n'komwe. Mchere umaletsa kuola, koma subweza zimene zaola.

2. Palani mamba, tumbulani iliyonse. Chotsani matumbo, ziwalo zofiira za m'mutu zopumira zija, ndi magazi akuda ogona m'mbali mwa msana. Samalani ndulu, ikaphulika mtsuko wonse umawawa. Nsomba yoposa chikhatho ing'ambeni pakati kapena muitemeteme m'mbali kuti mchere ufike pafupa.

Apa ndi pamene ulesi umapha. Nsomba zing'onozing'ono zimatopetsa kutumbula, ndiye munthu amati tating'onoti tingolowa choncho. Ayi. M'matumbo a nsomba mumatha kukhala tizilombo toyambitsa botulism, matenda opuwalitsa minofu mpaka munthu kulephera kupuma, ndipo tizilomboti timakonda malo otsekedwa opanda mpweya. Imene simungathe kuitumbula ikazingeni lero lomwe.

3. Tsukani ndi madzi oyera, kenako zikhe. M'mudzi wa a Banjar mtsinje ndi msewu, ndi bafa, ndi pochapira, ndipo m'midzi ina zimbudzi zimakhala pamwamba pa madzi omwewo. N'chifukwa chake mabanja ambiri amasunga madzi m'mitsuko ikuluikulu kuti matope akhale pansi, ena amakinga amvula. Inunso kutsuka komaliza kukhale kwa madzi a pampopi, a pamjigo kapena owiritsa. Tsukani mpaka madzi asiye kufiira, yalani nsomba palichero, phimbani ndi nsalu yoyera kuopa ntchentche, zikhe kwa theka la ola.

4. Yezani mchere, osaganizira. Lamulo ndi ili: mchere ukhale gawo limodzi pa magawo asanu a kulemera kwa nsomba zotumbula. Kilogalamu imodzi, magalamu 200. Makilogalamu atatu, magalamu 600. Yezani nsomba mutatumbula, osati pogula, chifukwa mamba ndi matumbo zimachotsa kulemera kwambiri.

Amayi a ku Barabai amatapa mchere ndi dzanja, koma dzanja lawo linaphunzira kwa amayi awo ndi agogo awo. Lanu silinaphunzire. Ngati mulibe sikelo, gawani nsomba milu isanu yofanana. Mangani chingwe pakati penipeni pa kamtengo kowongoka, pachikani majumbo awiri ofanana kunsonga zake, ikani mulu umodzi m'jumbo lina, ndipo thirani mchere m'linalo mpaka kamtengo kaime mosapendekeka. Mchere umenewo ndi wa milu yonse isanu.

Mukachepetsa kufika pansi pa magalamu 150 pa kilogalamu kukutentha, tizilombo tooletsa timapambana tosasitsa tisanayambe ntchito. Mukachulukitsa kufika magalamu 300, nsomba siola koma siwawasanso, imangokhala yamchere. Imeneyonso a Banjar ali nayo, amaitcha wadi, ndipo imakhalitsa. Pa zolakwika ziwirizi, kuchulukitsa n'kumene kumakhululukidwa.

5. Pakani mchere, zigone usiku umodzi. Pakani nsomba iliyonse mkati ndi kunja, makamaka m'mimba ndi m'mutu. Sanjani m'beseni, wazani mchere wotsala pamwamba, vundikirani bwino. Zikhale maola 12 mpaka 24 pamthunzi. Mmawa mupeza madzi ambiri ofiirira pansi pa beseni ndipo nsomba zalimba. Musadabwe, mchere wagwira ntchito yake.

## Mpunga wokazinga

Chitani zimenezi madzulo a tsiku loyamba, kuti mpunga ugone ukuzizira.

6. Kazingani mpunga popanda mafuta. Tsukani mpunga, uyaleni palichero mpaka usiye kudontha, kenako uikeni m'chiwaya chouma pamoto wapakati. Takasani osaleka. Poyamba umamatirira mthiko ndi kutulutsa nthunzi, kenako umayoyoka n'kuyamba kuthetheka, kenako umasanduka wachikasu. Musatsitse pamenepo. Pitirizani mpaka ufiire mofanana ndipo fungo lake lidzaze m'khitchini. Nthawi zambiri zimatenga mphindi 15 mpaka 25. Swani njere imodzi ndi mano: ithetheke, ndipo mkati musakhale moyera mbuu.

Mpungawu suikidwa kuti mtsuko udzaze. Ndiwo chakudya cha tizilombo tabwino timene timatulutsa asidi wowawasa, ndipo asidiyo, pothandizana ndi mchere, ndi amene amasunga nsomba. Mnofu wa nsomba paokha ulibe chakudya chokwanira tizilomboti. Kukazinga kumaumitsa mpunga kuti uzimwa madzi otuluka m'nsomba, komanso kumapereka fungo limene limasiyanitsa pakasam ndi nsomba yamchere wamba. Mpunga wa a Banjar, monga siam unus umene amalima kamodzi pachaka m'madambo, ndi woyoyoka, wosamata ukapsa, koma ena amakazinga mpunga womata. Uliwonse umene muli nawo ugwira. Kilombero wonunkhira musungireni alendo.

Chenjezo: mpunga umapserera m'kanthawi kochepa kumapeto kwenikweni. Njere zikada, tayani, yambaninso. Wopserera umawawitsa nsomba, ndipo kuwawa kwake sikuchoka. Mukatsitsa, khuthulirani m'mbale nthawi yomweyo, chifukwa chiwaya chotentha chimapitiriza kuwotcha.

7. Sinjani ukazizira. Sinjani pang'ono chabe, ikhale misere, osati ufa. Ufa umamata n'kusanduka chiphalaphala chimene chimapserera pokazinga nsomba. Njere zathunthu nazo zimachedwa kufewa ndipo sizikangamira pansomba.

## Tsiku lachiwiri: kulongedza

8. Khetsani madzi amchere, koma musatsuke. Nyamulani nsomba imodziimodzi, ziyaleni palichero kwa ola limodzi zitaphimbidwa. Madzi ofiirira aja tayani. Ambiri amatsuka apa poopa mchere, ndiye amachotsa chitetezo chonse n'kuwonjezera madzi amene anavutika kuchotsa dzulo.

9. Sakanizani ndi misere. Sambani m'manja ndi sopo, pukutani. Sakanizani misere ndi sipuni yapadera ya mchere ija, ndiye pakani nsomba iliyonse, kulowetsa ina m'mimba. Siyani misere yodzaza dzanja limodzi yoyala pansi ndi pamwamba. Ena amathirako sipuni imodzi ya shuga wofiira wa m'migwalangwa, gula habang, kuti kusasa kuyambe msanga. Shuga wamba amachita zomwezo, koma sikuti n'zokakamiza.

10. Longedzani mothinana. Chosungiracho chikhale chotsukidwa ndi madzi otentha ndipo chouma gwa. Yalani misere pansi, sanjani nsomba mizeremizere, mutu wa iyi ku mchira wa iyo, ndipo mzere uliwonse kanikizani ndi chikhatho kuti pasatsale mphako za mpweya. Malizani ndi misere. Wambani tsamba la nthochi pamoto pang'ono kuti lifewe, lipindeni, liyaleni pamwamba mpaka m'mbali, ndipo tsamiritsani mwala umene mwauwiritsa kwa mphindi 10 n'kuumitsa. Pakati pa mwala ndi chivundikiro patsale mpata wa zala zitatu, chifukwa madzi akwera.

Tsekani. Ngati ndi mtsuko, mangani pulasitiki yoyera pakamwa ndi mphira, n'kuvundikira mbale. Ntchentche ikangopeza kampata, pakatha masiku ochepa mupeza mphutsi. Lembani tsiku pachivundikiro.

## Kudikira

11. Ikani pamthunzi, musamatsegule tsiku lililonse. Pakona pa nyumba posafika dzuwa, pamwamba poti mphaka ndi makoswe sangagwetse, ndipo pansi pake pakhale mbale yolandira madzi osefukira. Ku Kalimantan, kumene masana kumatentha madigiri 30 kapena kupitirira chaka chonse, pakasam imapsa pa masiku 5 mpaka 7. Ku Nsanje kapena ku Mangochi mu Okutobala yembekezani zomwezo. Ku Dedza kapena ku Mzuzu mu Juni ingatenge masiku 10 mpaka 14. Ngati ndi botolo lotseka kwambiri, masulani chivundikiro pang'ono kamodzi pa masiku awiri kuti mpweya wodzikundikira utuluke, n'kumanganso osachotsa tsamba.

12. Yesani ndi mphuno, maso ndi chala. Yopsa bwino imanunkhira mowawasa ngati thobwa losasa, kuphatikizapo fungo la nsomba yamchere ndi mpunga wokazinga. Fungolo ndi lamphamvu, koma silinyansa. Misere imakhala itafewa ndi kunyowa, mnofu wafewerapo koma nsomba ikunyamulika yathunthu.

Tayani zonse, osalawa, mukaona chimodzi mwa izi: fungo la chinthu chakufa kapena la mkodzo lolasa m'mphuno, mnofu woterera wosungunuka, chuku chakuda, chobiriwira kapena chofiira, kapena mphutsi. Musapatse nkhuku kapena galu, kwirirani. Kilogalamu ya makumba ndi yotchipa kuposa ulendo wa kuchipatala.

## Kaphikidwe

13. Musadye yosaphika. Nsomba za m'madzi opanda mchere zimatha kukhala ndi tinyongolotsi timene mchere ndi asidi sizipha tonse, ndipo m'madera ena a kummwera chakummawa kwa Asia anthu amadwala chiwindi chifukwa chodya nsomba zosasa zosaphika. A Banjar pakasam amaiphika. Moto wofika mpaka pafupa ndiwo chitetezo chanu chomaliza.

14. Kazingani pamoto wochepa. Tulutsani zokwana chakudya chimodzi ndi sipuni youma. Kutumulani misere yochuluka, koma ina itsale, ndiyo imakoma ikauma m'mafuta. Tenthetsani mafuta okwana kubisa pansi pa chiwaya, ikani nsomba, vundikirani mwamsanga chifukwa mafuta amathetheka kwambiri. Mbali iliyonse ipse mphindi 4 kapena 5, ndipo tembenuzani kamodzi kokha, imasweka. Ikafiira, kankhirani pambali, kazingani anyezi wambiri, adyo, tsabola ndi tomato m'mafuta omwewo, n'kusakaniza mofatsa. Tsegulani mazenera. Aneba adziwa kuti mwaphika, zimenezo palibe chochita.

Njira ina ya a Banjar ndi pais: kukulunga nsomba m'tsamba la nthochi pamodzi ndi anyezi, tsabola ndi tomato, kuphika ndi nthunzi kwa theka la ola, kenako kuwamba pamakala mpaka tsamba lide m'mbali. Njirayi imathandiza pakasam imene yakhalitsa n'kufewa kwambiri.

Kwawoko amadyera mpunga wotentha, chigwada chowiritsa, kapena kalakai, ndiwo zamasamba zomera zokha m'madambo. Ndi nsima imayendanso bwino. Nsomba imodzi kapena ziwiri zimakwana munthu, ndipo ndiwo zamasamba za tsiku limenelo musathire mchere. Amene ali ndi BP kapena vuto la impso angolawa, kapena aviike nsombayo m'madzi kwa mphindi zochepa asanakazinge.

15. Bwezerani tsamba ndi mwala mukatapa. Kanikizani zotsalazo, pukutani m'mbali mwa chosungira, tsekani. Yosamalidwa motere imakhala miyezi, ikuwonjezera kuwawasa ndi kufewa, koma mtsuko woyamba umalizeni mwezi usanathe kuti muphunzire mmene imasinthira. Amene ali ndi firiji aikemo ikangofika pokoma, kusasa kumachepa liwiro.

## Zolakwika zofala

Yanunkha tsiku lachitatu. Pafupifupi nthawi zonse chifukwa chimakhala chimodzi mwa zitatu: nsomba zinagona zisanalowe mumchere, mchere unayezedwa ndi maso, kapena zinatsukidwa pambuyo pa mchere. Bwererani ku sitepe 1, 4 ndi 8.

Yakhala sabata ziwiri koma siwawasa. Mchere unachuluka, mpunga unachepa, kapena kukuzizira. Ngati fungo lili bwino, siyowonongeka. Isunthireni pamalo ofunda koma osati padzuwa, ipatseni masiku ena asanu. Ikakanabe, idyeni ngati nsomba yamchere.

Pamwamba pachita chuku. Nsomba zinatulukira pamwamba pa tsamba, kapena chosungira chinali chachikulu kwambiri moti theka linali mpweya. Kandowa ka malita asanu si ka kilogalamu imodzi. Kuteteza n'kosavuta: chosungira chofanana ndi katundu wake, tsamba lofika m'mbali, mwala wolemera.

Yasanduka phala. Misere inasinjidwa mpaka ufa, nsomba sizinakhe mokwanira, kapena mtundu wa nsomba ndi wofewa. Zikachitika fungo lili labwino ndipo mnofu sukuterera, phikani m'tsamba la nthochi.

Ikuwawa. Ndulu kapena mpunga wopserera. Palibe chokonzera.

Kusakaniza zazikulu ndi zazing'ono. Zazing'ono zimapsa ndi kufewa pamene zazikulu mchere usanafike pafupa. Zisankhuleni, kapena dulani zazikulu kuti zifanane ndi zinzake.

Kupisa dzanja kapena sipuni yonyowa. Mtsuko ukhoza kuyenda bwino sabata zitatu n'kuwonongeka tsiku limodzi chifukwa mwana anatumidwa kukatapa atangochoka kotsuka mbale. Patulani sipuni imodzi, ikhale ya ntchito imeneyi yokha, ndipo wotapa akhale mmodzi pakhomo.

Kuwonjezera nsomba zatsopano mumtsuko wakale. Zimaoneka ngati kusunga malo, koma nsomba yatsopano imabwera ndi madzi ake n'kusungunula mchere ndi asidi wa zakale, ndipo simudziwanso kuti yapsa ndi iti. Nsomba za tsiku lina zilowe m'chosungira china, ndi deti lake pachivundikiro.